Mpando wa Mbawa Umene Unatuluka Thukuta

Tasiyani kaye kupukuta tebulolo, ana inu, mungondithera nsanza. Kuyambira m'mawa ndakhala ndikukuonerani pano ndikusenda nandolo. Madalitso akupaka mankhwala a m'chitini aja mukuti siteni, kupukuta, kupakanso, koma tebulo likungotuluka mawangamawanga ngati nkhanga. Tiyanjane naye wagwira foni, akufunsa anthu akutali kuti chalakwika n'chiyani. Anthu a m'foniwo mbawa ya kuno anaiona liti? Bwerani pamkekapa, manja athandize nandoloyu, ndikuuzeni za munthu amene anayamba kupusitsidwa ndi mbawa pakhomo pano. Munthuyo ndi awo agona pakhondewo, chipewa kumaso, wailesi pamimba. Musanamizidwe, agogo anu a Sitefano sakugona ayi, akumva zonse.

Agogo anuwa si a kuno ku Nazombe. Anachokera kunyanja ya Chilwa, kumadoko kumene fungo la matemba limalowa nawo m'tchalitchi. Bambo awo anali osema mabwato, ndipo iwo anadzaphunzira za sowo ndi puleni kwa mmisiri wina wa kumishoni. Ndinawaona koyamba pamsika, atamanga timipando ndi mlamba wowamba panjinga imodzi. Ine ndinagula mlamba, timipandoto sindinatiyang'ane n'komwe, koma mwini wake anandiyang'ana mpaka kuiwala kukulunga nsomba. Sabata yotsatira ndinapezeka kuti ndikufunanso mlamba, ngakhale kunyumba ndiwo zinalipo.

Titakwatirana anabwera kudzakhala kwathu, monga achitira amuna ambiri kuno mpaka lero. Koma ukamwini wa nthawi ija unali ndi mano. Mkamwini ankadzuka nkhuku zisanatsike kukalima munda wa apongozi, ndipo apongozi akewo sankawayang'ana kumaso, sankadya nawo, sankalankhula nawo. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire mpaka mnzake adutse. Inu lero mumakwera njinga yamoto imodzi ndi apongozi anu, kuwagwira m'chiuno pokhota, kenako kujambulitsa limodzi mano onse pamtunda. Agogo anu anatha dzinja lathunthu pakhomo pa mayi anga osadziwa bwinobwino kuti mphuno yawo inali yotani. Mawu onse a pakati pa awiriwo ankadutsa mwa ine, ndipo amene ankalemera kwambiri ndinkawapungulako panjira.

Mayi anga anali oumba miphika. Anali aafupi kwambiri, koma lilime lawo linkafika kutsidya kwa mtsinje. Pabenchi la kutchalitchi miyendo yawo inkangolendewera ngati ya mwana, ndipo zimenezi zinkawanyansa ngakhale sankanena. N'chifukwa chake mipando ya anthu sankaifuna. Pakhomo ankakhalira mtondo wakale wong'ambika, umene anaugoneka chammbali pafupi ndi pamene ankaumbira.

Chimene chinadanitsa mayi ndi mkamwini wawo ndi khasu. Kwawo kwa agogo anu ankadziwa mpunga wa m'dambo basi. Mizere yawo inkayamba bwinobwino, kenako n'kumakhota ngati ikufuna kubwerera ku Chilwa. Mitengo ya chinangwa anabzala yambiri chozondotsa, maso ake kuyang'ana pansi. Titakolola, chimanga m'nkhokwe chinangolekeza m'chiuno. Mayi anandituma kuti ndikawauze amuna anga kuti pakhomo pano sitidya utuchi. Ine ndinakanena kuti mayi akuti matabwa anu ndi osalala bwino.

Koma uthenga wina sunadutse mwa ine. Mayi anatumiza mawu kwa mchimwene wawo, amalume a Thomasi a ku Kaduya, amene anali mwini mbumba yathu, kuti kukatentha abwere adzamve nkhani ya mkamwini. Mumvetse bwino apa, ana inu. Amalume akangoti nyamuka, mwamuna ankapinda bulangete lake n'kumapita, mkazi n'kutsala ndi ana. Ine nthawi imeneyo ndinali ndi pakati pa mayi ako, iwe Madalitso, ndipo munthu wokhotetsa mizereyo ndinkamukonda mopusa. Ndinkalira ndikamasinja, anzanga n'kumati gaga wandigwera m'maso.

Nkhani ya pamudzi sibisika, agogo anu anaimva kuchitsime kudzera mwa anthu ena. Sanakangane ndi munthu. Anangoti popeza khasu lawakana, alankhula ndi chimene manja awo akudziwa, awapangira apongozi mpando. Kuseri kwa nyumba anali ndi matabwa a mbawa amene anacheka chaka chapitacho, pamtengo umene unagwa ndi madzi m'mbali mwa mtsinje wochokera kuphiri la Michesi. Mbawa inalipo nthawi imeneyo, osati lero pamene thabwa limodzi mumachita kulisaka ngati mankhwala. Ankacheka anthu awiri ndi sowo yaitali, wina pamwamba, wina m'dzenje akudya utuchi. Sandipepa kunalibe, ankapala ndi galasi la botolo losweka, kumalizira ndi masamba okhakhala a mkuyu. Tsiku lina mayi atapita kukakumba dothi la miphika, ndinawapeza agogo anu atagwada pamtondo uja ndi kabango m'manja, akuyeza. Nditawafunsa anati akuona ngati muli chiswe.

Mpando unatha, wopanda msomali ndi umodzi womwe, thabwa kulowa m'thabwa linzake. Chinatsala ndi mtundu. Mbawa ikangopalidwa kumene imakhala yotumbuluka, ndipo agogo anu ankafuna yoderapo, yofiirira, ngati mipando imene anaiona pakhonde la mzungu wina kuminda ya tiyi ku Mulanje. Zitini ngati chanucho munthu wa kumudzi sankazilota. Ndiye anakumbukira kwawo. Kunyanja bwato latsopano amalipaka oyilo wakutha kuti lisamwe madzi, ndipo limada bwino lomwe. Anatenga botolo kupita kuchigayo, anapempha oyilo wakuda wochotsa mu injini, anasakaniza ndi polishi wofiira wa nsapato ndi parafini pang'ono. Chimene anaiwala n'chakuti m'bwato mumakhala asodzi a makabudula ong'ambika, amene sayang'ana kumbuyo kwawo akamatsika.

Tsono tayang'anitsitsani tebulo lanulo chapafupi. Mukuona timabowo tating'onoting'ono, ngati tobaya ndi singano, tondondozana motsata thabwa? Mbawa yonse ndi yotero. Ukaisisita imamveka yosalala, koma ili ndi timilomo tosawerengeka, tina totseguka kwambiri, tina pang'ono, ndipo kumapeto kumene sowo inadula ndiye kumamwa ngati chidakwa. N'chifukwa chake mtundu sulowa mofanana. Agogo anu atapaka koyamba, m'mapeto munada bii, pakati panatsala mawanga ngati anuwa. Munthu wina akanaima n'kudzifunsa kuti kodi oyilo yenseyu akupita kuti. Agogo anu anati thabwali lili ndi ludzu, n'kubwerera kuchigayo ndi botolo lalikulupo. Anapaka mpaka mpando wonse unada mofanana, n'kuupukuta mpaka unawala. Inali nyengo yachisanu, chiperoni chikuwomba, oyilo anagona phee m'timabowo muja. Ukaugwira, dzanja linkachoka loyera.

Ndinausenza pamutu kukaupereka. Mayi anauyang'ana pamwamba mpaka pansi, nati ndiuike m'nyumba kuseri kwa chitseko. Anasanjikapo dengu la makaka, chinangwa chouma chija, osakhalapo ngakhale tsiku limodzi. Kwa agogo anu ndinakanena kuti mayi asowa chonena, ndipo ulendo umenewo sindinaname.

Amalume anabwera mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, atavala jekete panjinga. Anali munthu wokonda kulankhula, amene anagwirako ntchito ku Joni ndipo sankafuna kuti wina aiwale. Ankadzitamanso kuti palibe mwambo wa makolo umene sakuudziwa. Tinayala mikeka pansi pa mango awo mukuwaonawo. Agogo anu anakakhala kutali, pafupi ndi nkhokwe, atayang'ana kumbali, chipewa m'manja. Mayi anatuluka atavala nsalu yawo yoyera, imene malemu bambo anga anawagulira, yomwe ankaivala pa masiku akuluakulu okha. Nditaiona nsaluyo ndinadziwa kuti abwera kudzathetsa nkhani.

Amalume anati amva kuti mkamwini wapanga mpando, utuluke auone, poti munthu samuweruza ntchito yake ili kuseri kwa chitseko. Ndinautulutsa, ndinaupukuta fumbi la makaka, unawala mpaka amalume anaimba kaluzu. Anati mwini wake ayambe wakhalapo. Mayi sanafune kuoneka ngati akuopa mpando, ndiye anakhala.

Ine ndinali pamkeka pafupi ndi miyendo yawo, choncho ndinaona chimene ena sanaone. Mapazi a mayi anaponda pansi, onse awiri, chidendene ndi zala. Anasuntha zalazo m'fumbi ngati sakukhulupirira. Msana unapeza potsamira pamalo pake penipeni, chigongono nacho chinapeza pake. Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira kabango kaja ndi chiswe chabodza chija. Munthu amene sankaloledwa kuwayang'ana anali atawayeza bwino kuposa ife amene tinkawaona tsiku ndi tsiku.

Amalume sanayambe ndi nkhani imene anabwerera. Anayamba ndi sitima ya ku Joni, anapita kumigodi, anabwerera, anakwera sitima ina. Mthunzi wa mango unasuntha, dzuwa linafika pampando. Posakhalitsa ndinamva fungo la kuchigayo. Nditayang'ana kumbuyo kwa mpando, ndinaona timadontho takuda tikutuluka m'timabowo tonse, tikunyezimira, thabwa likuchita thukuta ngati munthu wolima. M'mphepete mwa nsalu yoyera ija munali mutayamba kale kuda. Mayi nawo anamva kunyowa. Anatsitsa dzanja pang'onopang'ono, anagwira pansi pa ntchafu, anayang'ana zala zawo, n'kuzibisa m'khwapa.

Nthawi yomweyo ndi pamene amalume anatsika sitima yawo yomaliza.

"Tsono achemwali, mwandiitaniranji? Mkamwiniyu walakwa chiyani?"

Mayi sankafunikanso kutchula mizere kapena nkhokwe. Kungoimirira n'kutembenuka, nkhani ikanathera pomwepo, agogo anu akanagona ku Chilwa. Zala zawo za kumapazi zinasewera m'fumbi, kenako mayi anayankha.

"Ndinakuitanani kuti mudzaone mpando wanga, achimwene. Kwanu ku Kaduya ulipo wotere?"

Amalume anadabwa, nati uthenga unawafika mpandowo usanapangidwe, ndipo unkanena za nkhokwe. Mayi anati munthu amene anamutumayo amamwa, ndipo aliyense akudziwa. Amalume anadandaula za mtunda umene apalasa, kenako anati popeza abwerera mpando, achemwali adzuke kuti nawonso aulaweko. Anali atayamba kale kukutumula jekete.

"Iyayi," anatero mayi. "Mpando umene mkamwini wapangira apongozi ake sakhalapo munthu wina. Ndi mwambo umenewo. Kapena munauiwala ku Joni?"

Munthu wodziwa miyambo yonse akanavomera bwanji kuti umenewu sanaumvepo? Amalume anagwedeza mutu, nati inde, agogo awo ankanenadi zimenezo, iwo amangofuna kuyesa ngati achemwali akukumbukira. Anawonjezeranso kuti wokhalapo amatupa miyendo.

Eya, ndi mwambo womwe uja mwakula mukuuopa. Iwe Tiyanjane, uli wamng'ono unakhalapo mwangozi n'kulira tsiku lonse, kumangodziyeza miyendo ndi chingwe. Mwambowo si wa makolo athu ochokera ku Mozambiki ayi, unabadwira pansi pa mango awo, ndipo bambo ake ndi oyilo wa kuchigayo. Ndamva kuti unafika mpaka midzi ina ya ku Kaduya, kumene akuusunga mwaulemu kuposa ife.

Koma mayi anali atadzimanga okha. Sakanatha kudzuka, ndiye sakanathanso kusunthira mpando mumthunzi. Amalume anadya nyemba za kalongonda, anamwa thobwa, anakweranso sitima ya ku Joni. Mayi anakhala padzuwa lija thukuta lili kamukamu, iwo kutuluka lawo, mpando kutuluka lake. Thobwa anakana, madzi anakana, ndipo ndinu akuluakulu, mukudziwa chifukwa chake. Dzuwa litapendeka amalume anatsazika, mayi kwa nthawi yoyamba sanawaperekeze, anati miyendo ikumva kukoma. Podutsa pankhokwe amalume anauza agogo anu kuti akhalebe pamudzi, koma mizere iwongoke. Mayi anandinong'oneza kuti ndiwauze amuna anga aperekeze amalume mpaka kumtsinje, asafulumire kubwerera.

Njinga itabisika, mayi anadzuka. Ana inu, mpando wonse unali utajambulika pansalupo, thabwa lililonse mzere wake wakuda mofiirira, kuyambira pamsana mpaka m'ntchafu. Ine ndinaseka mpaka kugwa pamkeka, kuseka kosakanikirana ndi kulira. Mayi anandigenda ndi chitsononkho, kenako nawonso anaseka, n'kuthamangira kuseri ine ndikuwatchinga ndi lichero. Nsaluyo tinaichapa ndi sopo, ndi phulusa, ndi mandimu, koma mizere sinachoke. Pamenepo kuseka kunatha. Mayi anaipinda pang'onopang'ono misozi ikutsika, chifukwa chinali chinthu chokhacho chimene bambo anawasiyira. Anandilumbiritsa kuti ndisawauze amuna anga, poti munthu wamanyazi amatha kudzichotsa yekha pamudzi popanda womuthamangitsa.

M'mawa mwake mayi anakhala pamtondo wawo pafupi ndi khola, akukulungiza mphika ndi kamwala. Kuseri kwa mpanda agogo anu ankapala thabwa. Mayi anayang'ana mbuzi yathu yaikazi, n'kukweza mawu.

"Iwe mbuzi, mphika watsopano umamwa chilichonse, n'kudzalavula tsiku la alendo. Wanzeru amayamba wautseka timabowo ndi dothi losalala, kenako ndiye mtundu. Ndipo chimene chamwa kale mafuta amachikwirira ndi phulusa n'kuchiika padzuwa. Wamva, mbuzi ya kunyanja iwe?"

Puleni inasiya kulira. Mbuziyo inali yobadwira m'khola momwemo, nyanja sinaioneko. Masana agogo anu anandipempha kuti ndikatenge mpando, ati mwendo wina ukugwedera. Anauika padzuwa, anaona okha thukuta lija, anakhala pansi atagwira mutu. Za nsalu sanandifunse, inenso sindinanene. Nyengo yonse yotentha anaukwirira ndi phulusa, kuupala, kuukwiriranso, mpaka mvula yoyamba itagwa thabwa linasiya kulavula. Masiku amenewo mayi anayamba kuiwalaiwala mbale ya dothi lawo la miphika, louma ndi losefa bwino, pansi pa mpanda.

Ndiye iwe Madalitso, tebulo lakolo ulipale mpaka lifike pathabwa. Upere dothi la miphika louma, usefe pansalu, usakanize ndi vanishi pang'ono likhale ngati phala. Ulipake mopingasa thabwa kuti lilowe m'timabowo, upukute lotsala ndi chiguduli lisanaume, ndipo m'mapeto muja ubwerezemo. Likauma upalenso pang'ono, kenako siteni yakoyo upake mopyapyala n'kupukuta msanga, osathira ngati ukumwetsa ng'ombe. Uyambe wayesa pakathabwa kotsala, ukaike padzuwa la masana, chifukwa mbawa imanama mumthunzi. Ukauza anthu a m'foniwo, unene kuti unaphunzira kwa mbuzi.

Kuchokera pamenepo mipando ya agogo anu inayenda m'midzi yonse ya kuno, mpaka anthu a ku Migowi ankabwera ndi ngolo. Mipando ya pulasitiki itabwera, yoti munthu wonenepa akakhalapo imatambasula miyendo ngati mwana wa ng'ombe, ntchito inachepa, koma n'kuti ana atakula. Mayi anasiya mtondo uja, anakhalira mpando wawo mpaka kukalamba. Ndi mkamwini wawo sanalankhulane maso ndi maso ngakhale kamodzi, ngakhale anzawo ena anali atayamba kale kumasuka. Mbuzi ija itafa anapeza ina. Mbuzi za pakhomo pano zamva zambiri, za mbewu, za matenda a ana, za denga lodontha, ndipo agogo anu akafuna kuyankha ankauza galu.

Mayi atamwalira, bokosi lawo anakhoma ndi agogo anu, la mbawa, lotseka timabowo tonse. Patapita masiku tinakhala pansi kugawa zovala zawo monga timachitira. Pansi penipeni pa sutukesi panatuluka nsalu yoyera ija, yopindidwa bwino. Mng'ono wanga anaitambasula pamaso pa anthu onse, akudabwa kuti ndi maluwa amtundu wanji amenewa. Agogo anu anaiyang'ana kamodzi kokha. Mmisiri saiwala matabwa ake. Anadzuka, anapita kuseri kwa nkhokwe kumene anakhala tsiku lija, ndipo anakhalitsako. Atabwerera anati sakufuna kanthu kena kalikonse, koma nsalu imeneyo. Ndi imene mumaiona yoyalidwa pampandopo m'chipindamo, imene inu mumati ndi fashoni yakale.

Mwawamva? Akuti oyiloyo analibe vuto, linalakwa ndi dzuwa. Ndinakuuzani kuti sakugona. Munthu ameneyu anabwera ndi bulangete limodzi, amalume anamuuza kuti mizere iwongoke, ndipo mukapita kumunda lero mukaipeza ikukhotabe kuloza ku Chilwa. Za mwambo wabodza uja akudziwa bwino lomwe kuti unayamba bwanji, palibe kutupa miyendo kumene akuopa. Koma mudzawaonere mawa akamalowa m'chipindamo kukatenga puleni kuti akuthandizeni tebuloli. Akafika pampando paja amavula chipewa, n'kudutsa atayang'ana kumbali.